Chikole cha Matebulo Makumi Awiri

Mayi Kwok analowa mu lesitanti ya Bambo Tsang ku Sham Shui Po atagwira ambulera ngati akukapha njoka. Anali atalipira chikole cha phwando la ukwati wa mwana wawo, koma mkamwini, Ka-ming, anali atathawa, ndipo lamulo la chikole ngakhale khanda limalidziwa: wogula akasiya, ndalama zapita, mwini malo akasiya, amabweza kawiri.

"Mwachita bwino kubwera, mayi," anatero Bambo Tsang, dzanja lili pa envulopu. "Ndimafuna..."

"Khalani chete, ndiyambe ndine. Muno muli mphemvu."

"Tinapopera Lolemba."

Mayiwo anakukuta mano. Nzeru yawo inali yoti amuputepute bamboyu mpaka asiye yekha, koma kuputa Tsang kunali ngati kutsina khoma.

"Abale anga ndi akuba. Masupuni amalowetsa m'zikwama."

"Tiika apulasitiki."

"Akaledzera amamenyana ndi mipando."

"Mipandoyo ndi yolemera, mayi. Atopa msanga."

"Ineyo ndibwera nditavala zoyera, za pamaliro."

"Ndiye musayandikire msuzi, umadetsa."

"Bambo inu, muli ndi makutu? Mkwati kulibe."

Bambo Tsang anaganiza kaye.

"Tichotse mpando umodzi? Koma mtengo ndi wa tebulo, osati wa mpando."

Apa Mayi Kwok anaona zonse m'maganizo: matebulo makumi awiri, nkhumba yowotcha pakati, azakhali akunong'onezana, mwana wawo atakhala yekha kutsogolo. Manyazi anawagwira, mphamvu zonse zinatha.

"Chabwino, ndasiya. Idyani ndalamazo, zikutsamweni."

"Mwatsimikiza?"

"Ndati ndasiya!"

Bambo Tsang anapumira m'mwamba, n'kubweza envulopu ija m'thumba la jekete.

"Imeneyo ndi ya chiyani?"

"Inali yanu. Chikole chanu kawiri. Tsiku munasankha lija ndi lamwayi kwambiri pa kalendala, ndiye wina walifuna pa mtengo wokwera. Ndimati ndisiye ndine, koma munati muyambe ndinu."

Ambulera inagwa pansi.

"Ndani ameneyo?"

"A Ka-ming, ndi mkwatibwi wina. Akuti msuzi wathu unawasangalatsa tsiku munabwera nawo kudzalawa lija."