Fomu ya Achimwene Inatsala M'dirowa

Malemu achemwali athu anabadwa pa 9 Epulo 1968, achiwiri m'banja la ana anayi. Ine amene ndaima pano ndine mlongo wawo, mzime wa m'nyumbamo. Mawu akamandithawa mundikhululukire.

Sukulu anayamba mu 1975, ndipo anamaliza Folomu 4 mu 1987. Mu 1990 anamanga banja ndi alamu athu, omwe anali amakanika, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri. Alamuwo anatisiya mu 2009.

Mu 1993 malemu analembedwa ntchito ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu. Mu 2004 anapatsidwa kachipinda kawokawo kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mpopi. Ntchito yawo inali yolumikiza okalamba ndi anthu aulumali ku thandizo la boma: uyu akufuna njinga ya olumala, uyu magalasi, uyu chiphaso, uyu munthu womusamalira. Maofesi ake ndi ambirimbiri, khomo lililonse ndi fomu yake. Achemwali sankalozera munthu njira ndi chala ayi. Ankakhoma chitseko, kumugwira dzanja, n'kuyenda naye khomo ndi khomo mpaka zitatheka. N'chifukwa chake munawatcha Mayi Tiyeni. Nsapato zawo sizinkafika chaka.

Mu 2011 achimwene athu oyamba kubadwa, omwe mukuwaona pa njinga apawa, anafa ziwalo mbali imodzi. Malemu anawatengera kwawo. Anagumula masitepe a pakhomo kuti njinga izilowa. M'mawa kuwasambitsa asanapite ku ntchito, masana kuthamangira kunyumba kukawatembenuza. Nanga ife abale? Tinkangoti achimwene ali ndi mwayi, mlongo wawo ndiye mwini ofesi. Tinkabwera Lamlungu ndi kajumbo ka malalanje, n'kumapita.

Mu Juni chaka chino achemwali anayamba kudandaula mutu, koma ku ntchito sanajombe. Pa 2 Ogasiti anagwa pa khonde la ofesi akuperekeza agogo ena. Anagonekedwa m'chipatala ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pa 11 Ogasiti 2024 anatsikira kulichete ali ndi zaka 56.

Dzana anzawo a ku ntchito anatibweretsera katundu wa m'dirowa mwawo. Pansi penipeni panali fomu ya achimwene, yopempha wowasamalira ndi malo oyenera munthu wa pa njinga. Inalembedwa bwinobwino mu 2012, koma yosasaina. Lamulo la pa ofesipo sililola munthu kusainira wachibale, ndipo m'kachipinda kaja anali okha. Akanatha kupempha abwana awo. Sanapemphe, poopa kuti anthu anganene kuti Mayi Tiyeni akudzipakulira okha. Zaka khumi ndi ziwiri, anthuni!

Pamaliro sitikwiya, koma ine ndakwiya, ndisakubisireni. Ndawakwiyira achemwali chifukwa cha liuma lawo, koma kwenikweni ndadzikwiyira ndekha, poti sindinafunseko n'kamodzi komwe. Timati mutu umodzi susenza denga, koma ife tinausiya usenze, tikuombera m'manja.

Lero lino boma silikuwadziwa achimwene. Fomu ikalowa mawa, akuti mzere wodikira ndi wa chaka chathunthu. Nyumba imene akukhala ndi ya ku ntchito kwa malemu, ndipo kumapeto kwa Seputembala tiyenera kubweza makiyi. Kwa ine n'kosanja, masitepe makumi awiri. Mng'ono wa malemu akudwaladwala. Ana a malemu akukhala m'tizipinda ta lendi.

Malemu asiya ana awiri, zidzukulu zitatu, mng'ono wawo, ine, ndi achimwene.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino, ampingo, anzawo a ku ntchito, komanso anansi omwe asinthana kusamalira achimwene masabata awiriwa. Ndikuthokozanso inu agogo ndi nonse amene mwabwera ndi ndodo ndi njinga kudzaperekeza amene ankakuperekezani. Abale anga, tikachoka kumanda wina asathamangire basi. Tikhala pansi lero lomwe, achimwene ali pomwepo.

Achemwali, mwatopa mokwana. Mzimu wanu uuse mumtendere. Kuyambira lero njingayi ndikankha ndine, ngakhale sindinadziwe kolowera nayo.