Ulusi wa Zitenje Zakale

Pa siteji ya minibasi ku Migowi, mayi wina wautelala ankasankha ulusi pafoni. Bambo wachikulire amene anakhala naye pabenchi anasuzumira.

"Ulusi mpaka kugula pafoni, mayi? Osauluma n'komwe?"

"Ndawauza ogulitsawo awotche kachidutswa, anditumizire vidiyo. Wathonje umasanduka phulusa, wanayiloni umasungunuka."

"Nanga si wanayiloni ndiye wolimba?"

"Umadula nsalu zakale. Ndikulumikiza pamakina zigamba za zitenje za malemu mayi anga, chikhale chofunda cha mwana wanga."

Bamboyo anayang'ananso pafonipo.

"Akazi anga anasiya zitenje zisanu ndi ziwiri. Patha zaka zitatu, sutikesi yawo sindinaitsegulebe."

"Ndimasokera pakhonde la golosale iyo, bambo. Mubwere nayo Lachiwiri, tidzaitsegulire limodzi."