Funso Lili Pansi, Doña Herminia Ali M'mwamba

Mmawa wina wa mu Januwale, chisanu chitayeretsa minda kwathu ku San Martín, ndinanyamula anthu awiri m'dengu la chibaluni changa pa ulendo umene timautcha wa okondana: Don Nicanor, mkulu wolemba zikwangwani, ndi Doña Herminia, mayi wamasiye wogulitsa matamale, timikate ta chimanga tophika ndi nthunzi m'makoko, pakhomo la msika. Ntchito yanga ine ndi kukoka chingwe cha moto n'kumakhala ngati ndilibe makutu, koma makutuwo ndili nawo.

"Tanyamuka?" anafunsa Doña Herminia. Anali atatsinzina, manja onse awiri atakakamira m'mphepete mwa dengu.

"Kalekale," anatero Don Nicanor. "Tchalitchi tachidutsa. Denga lake likufunika penti."

"Sindinafunse za denga."

"Tsegulani maso, Doña Herminia."

"Ndi otsegula."

Don Nicanor anawerama n'kuwayang'anitsitsa kumaso.

"Ndi otseka. Onse awiri."

"Ndi mphepo, ikundilowa m'maso."

"Muno mulibe mphepo. Tikuyendera nayo limodzi. Kaputeni wathuyu wanena."

"Ndiye ndi tulo!"

"Kapena mukuopa?"

"Ine? Ine ndaika mwamuna m'manda, ndalera ana asanu ndi nthunzi ya m'poto. Ndiope dengu?"

"Ndiye yang'anani pansi."

"Pansi ndimapadziwa. Ndakhalapo zaka sikisite." Anakoka shawelo ndi chibwano, poti manja sakanatha kuwachotsa. "Ndipo inu, chikwangwani cha matamale chimapachikidwa pamwamba pa tebulo, munthu n'kumachiwerenga ataima ndi miyendo yake. Changa mwakachiika kuti, choti mpaka ndikwere kumitambo?"

"Sindinati cha matamale. Ndinati ndakulemberani mawu."

"Mawu anji?"

"Sindinganene."

"Bwanji? Pakamwa paundana?"

"Munandiletsa."

"Ine?"

"Pa Tsiku la Akufa, pa chipata cha manda. Munati, 'Nicanor, funso limeneli ndisadzalimvenso likutuluka pakamwa panu.' Ndipo ndinalumbira."

"Eya. Ndiye?"

"Ndiye silikutuluka pakamwa. Lili pa nsalu. Mamita khumi ndi awiri, m'munda mwa mnzanga, kompadre Melitón."

"Ha! Koma inu! Ndinkatanthauza kuti nkhaniyo ithe!"

"Munanena za pakamwa."

"Ndinanena za pakamwa chifukwa anthu anzeru amafunsa ndi pakamwa!"

Ndinakoka chingwe, moto unalira kuti fuuu pamwamba pa mitu yathu. Doña Herminia anakhala pansi m'dengu kuti khwatha.

"Mayi Maria! Chaphulika?"

"Ayi. Chikaphulika ndikuuzani."

"Zikomo kwambiri."

"Palibe kanthu."

Anadzuka pang'onopang'ono, maso akadali gwa. Apa n'kuti mphepo itasintha, ikutikankhira kum'mawa, ndipo munda wa Melitón unayamba kutsalira kumanzere. Don Nicanor anandiuza kuti ndikhote. Ndinawaonetsa manja anga opanda kanthu, poti chibaluni chilibe chiwongolero.

"Doña Herminia, nthawi yachepa. Melitón uyo, akugwedeza chipewa."

"Agwedeze, amve kutentha."

"Nkhosa zake zakwera pa nsalu."

"Zidye."

"Imodzi yagona pa dzina lanu."

"Pa chiyani? Mwalemba dzina langa?"

"Lonse. Herminia Olvera. Chilembo chilichonse n'chachitali ngati chitseko."

"Mayo ine! Kuti aliyense wokwera zinthu izi aziwerenga?"

"Lero zibaluni zilipo makumi awiri ndi zitatu. Ndawerenga."

"Pofika masana msika wonse ukhala utamva! Pachita wa maluwa uja andiseka mpaka Pasaka!"

"Pachita akudziwa kale. Ndi amene anandisokera m'mphepete."

"Iii! Mulungu, ndigwireni ndisamugwire munthu uyu."

"Tsegulani diso limodzi lokha. Lamanzere. Nsalu ili kumanzere."

"Sinditsegula."

"Theka la diso."

"Ndati ayi!"

Kunkangomveka agalu akuuwa pansi patali. Don Nicanor anatsamira dengu, khosi litatembenukira kumbuyo, mpaka munda uja unabisika kuseri kwa mitengo.

"Yapita," anatero motsitsa. "Masabata atatu ndikukwawa ndi mawondo pa simenti yozizira. Penti inkachedwa kuuma chifukwa cha chisanu, ndinkachita kuipepesa ndi katoni."

Anatulutsa kampango n'kumina. Ndinaona diso lamanzere la Doña Herminia likutseguka pang'ono ngati la mphaka wonamizira kugona. Linayang'ana Don Nicanor, kenaka linatsetsereka n'kuyang'ana pansi. Mwatsoka, pansi pathu penipeni, m'munda wokololedwa, panali nsalu ina yofiira. Diso lachiwiri linatseguka lokha.

"'Yesenia, undilole ndikukwatire,'" anawerenga mokweza. "Don Nicanor."

"Wawa."

"Yesenia ndi ndani?"

"Sindikumudziwa."

"Simukumudziwa? S wopindika ngati mchira wa nkhumba uyo ndimamudziwa ine! Ali pa chikwangwani cha butchala, ali pa basi ya mlamu wanga. Zilembo zimenezo ndi zanu!"

"Ndi zanga. Ndinalemba Lachiwiri."

"Ndipo mukuvomera osaphethira!"

"Mwafunsa ngati ndi zanga."

"Ndi wamng'ono eti? Wa tsitsi lofiirira?"

"Sindinamuonepo."

"Simunamuonepo, koma mwamufunsira!"

Anasiya m'mphepete mwa dengu muja, manja onse awiri anapita m'chiuno. Mantha anali ataiwalika.

"Alipo angati? Nenani zoona, pano tili pafupi ndi Mulungu."

Don Nicanor anawerenga ndi zala.

"Mwezi uno wokha?"

"Mwezi uno wokha, ati!"

"Asanu ndi anayi, osawerengera Yesenia."

"Asanu ndi anayi!"

"Asanu ndi awiri analola."

"Kaputeni, tsitsani! Tsitsani kapena mmodzi wa ife atsika yekha!"

"Mmodzi anakana. Winayo anakomoka, sindinamve mapeto ake."

"Zaka zinayi mukudya matamale anga, ndikukusankhirani a nyama yambiri, kumakuonani ngati munthu wa Mulungu. Kani ndinu tambala wa chigwa chonse chino!"

"Nkhuku ndilibe. Amene amasunga ndi Melitón."

"Akazi asanu ndi awiri mukawaika kuti? M'kachipinda kanu konunkha penti kaja?"

"Akakhala kwa amuna awo."

"Ndi akazi a eni akenso?"

"Adzakhala. Anyamata amabwera kudzalembetsa, amanditchulira dzina, ine n'kulemba. Wa Yesenia ndi wamakaniko wa ku Otumba, ali ndi chibwibwi."

Doña Herminia anachotsa manja m'chiuno muja.

"Ndiye osanena bwanji poyamba pomwe?"

"Simunafunse."

Doña Herminia anasuzumiranso pansi, nthawi ino mosamala, ngati akusankha tomato.

"Ya Yesenia ili ndi mitima inayi."

"Isanu. Wina wapindika ndi mphepo."

"Yanga ili ndi ingati?"

"Ilibe."

"Ilibe! Kamtsikana kosadziwika mitima isanu, ine zilembo zokhazokha ndi nkhosa!"

"Munanena kuti zamitimamitima n'zachibwana. Ndiye ndinajambula poto wanu uja wophwanyika khutu, nthunzi ikutuluka. Pambali pake ndinajambula munthu ataima ndi mbale m'manja, akudikira."

"Munthu wake ndani?"

"Wavala chipewa ngati ichi."

Doña Herminia anayang'ana chipewacho nthawi yaitali. Kenaka anapukuta mphuno ndi nsonga ya shawelo.

"Chisanu ichi," anatero. "Kaputeni, tabwererani kumbuyo ndikaione."

Ndinawauza kuti chibaluni sichibwerera m'mbuyo, ndipo gasi watsala wotsikira basi. Tinali titayamba kale kutsika.

"Chabwino," anatero, akuyang'ana kumbali. "Ndalola."

"Mwalola chiyani?"

"Zimene zili pa nsaluzo."

"Simunaziwerenge. Mwawerenga za Yesenia."

"Si zofanana?"

"Ayi. Yake ndi yofiira."

"Mawu, bambo inu, mawu!"

"Munthu savomera chinthu chimene sanawerenge. Mwina ndalemba kuti mundipatse poto."

"Ndiye nenani ndi pakamwa!"

"Ndinalumbira."

"Ndakumasulani."

"Ndinalumbirira pa chipata cha manda. Mukandimasulire komweko."

"Aaa! Ambuye, mwa amuna onse a m'chigwa muno!"

Anawagwira pa kolala ya jekete ndi manja awiri, dengu lonse linapendekeka.

"Nicanor Zamudio, mundikwatira, kapena ndikuponyeni kunja?"

"Mafunso ndi awiri."

"Yankhani loyamba!"

"Kuyankha simunandiletse?"

"Ayi!"

"Ayi simunandiletse, kapena ayi ndisayankhe?"

"Nicanor!"

Don Nicanor anavula chipewa n'kuchigwirizira pachifuwa.

"Inde, Herminia. Ndi mtima wonse." Anasuzumira pansi. "Funso lachiwirilo, chonde ayi."

Ndinawauza kuti apinde mawondo. Dengu linagunda pansi kuti di, linadumpha kamodzi, linakhwekhwereka pa ziputu za balere n'kudzaima m'mphepete mwenimweni mwa nsalu yofiira ija. Kuseri kwa mtengo kunatuluka amariachi asanu ndi awiri, oimba a malipenga ndi magitala, zovala zakuda za mabatani onyezimira, milomo itauma ndi chisanu. Wamakaniko wa ku Otumba uja anali atawauza kuti adikire chibaluni chimene chidzatere pa nsaluyo. Chibaluni cha iye ndi Yesenia n'kuti chikuoneka ngati kadontho kutali, mphepo ikupita nacho kuseri kwa phiri.

Mkulu wa gululo anafika ndi maluwa odzaza m'manja. Anayang'ana imvi za Doña Herminia, anayang'ana nsalu, kenaka anawerama mwaulemu.

"Pepani mayi, ndinu a Yesenia?"

"Ayi," anatero Don Nicanor, "awa ndi..."

Chigongono chinawapeza m'nthiti. Doña Herminia analandira maluwa aja, anakonza shawelo, n'kukweza chibwano.

"Yambani ndi ya malipenga, anyamata."

"Koma Herminia, inu si Yesenia."

"Khalani chete, bambo akunyumba. Mpaka nyimbo zithe, ndine."