Mayi Bwerezani, Amene Palibe Anawauza Kuti Abwereze

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1957, m'banja la ana asanu, ndipo iwo ndiwo anali achisamba. Bambo athu anali telala, mayi athu ankagulitsa zovala zimene bambo ankasoka. Ine ndaima pano ndine mlongo wawo, ndipo akubanja andituma kuti ndiwerenge mbiriyi monga tinagwirizanirana, osachotsapo kanthu. Inu nonse mwabwera kudzatipepesa, mundipirire, chifukwa mbiriyi ili ndi malo owawa. Pakati pathu pano pali munthu wina amene wadzisenzetsa yekha maliro ano, ndipo wanena kuti sadzabwereranso kuntchito. Malemu anatisiyira mawu oti timuuze pamaso panu.

Anayamba sukulu mu 1964. Anali mwana wofunsa mafunso mpaka akulu kutopa naye. Bambo ankati pa moyo wawo wonse wautelala, chinawakanika kusoka ndi pakamwa pa mwana ameneyu basi.

Mu 1973, malemu ali ku sekondale, mayi athu anadwala mtima. Kuchipatala anawapatsa botolo la mapiritsi pazenera la mankhwala. Mzere unali wautali, wogawa mankhwala analemba pabotolo n'kuitana wotsatira. Mayi sankadziwa kuwerenga, ndipo anachita manyazi kufunsa munthu wovala zoyera. Anaganiza kuti kumwa ambiri ndiko kuchira msanga. Malemu pobwera ku holide anapeza botolo lili mbee, mayi ali gone, osatha kudzuka. Tinawaika m'manda mwezi womwewo. Kuchokera pamenepo achemwali athu sanalakelakenso ntchito ina koma ya pazenera limenelo.

Analowa yunivesite mu 1977 kukaphunzira za mankhwala, namaliza mu 1981. Anayamba ntchito pa famase ya chipatala chachikulu. Apa ndi pamene dzina limene ambiri mukuwadziwa nalo linabadwira. Sankatulutsa mankhwala m'manja mwawo wodwala asanabwereze ndi pakamwa pake kamwedwe kake: angati, nthawi yanji, mpaka liti. Mzere unkachedwa, anthu ankadandaula, akuluakulu a chipatala anawaitanapo kangapo. Iwo sanasinthe. Odwala anayamba kuwatchula kuti Mayi Bwerezani, ena monyoza, ndipo dzinalo linakakamira.

Pa 18 Ogasiti 1984 anakwatiwa ndi alamu athu akhala apawa, amene panthawiyo ankaphunzitsa masamu. Alamu amatiuza kuti ngakhale tsiku lofunsira anauzidwa kuti abwereze, kuti zidziwike ngati akumvetsa zimene akunenazo. Anabwereza, ndipo akhala akubwereza zaka zonsezi popanda kudandaula. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mu 1988 anapita kunja kukapitiriza maphunziro, nabwerako mu 1993 ndi digiri ya udokotala wa kafukufuku. Anayamba kuphunzitsa pa yunivesite, m'sukulu ya za mankhwala. Kafukufuku wawo sanali wa m'labotale mokha. Ankakhala pabenchi kunja kwa khomo la famase, dzuwa lili phwee, n'kumafunsa odwala otuluka kuti akamwa bwanji zimene alandirazo. Anapeza kuti ambiri amene anagwedeza mutu pazenera kuvomera sanamve kanthu. Analemba m'magazini a akatswiri kuti wodwala amavomera chifukwa cha ulemu, poopa kutayitsa nthawi munthu wophunzira. Anafufuzanso za kuonongeka kwa mankhwala osungidwa m'zipinda zotentha, za zithunzi zothandiza osadziwa kuwerenga, ndi za okalamba amene amamwa mankhwala amitundumitundu nthawi imodzi. Buku lawo lophunzitsira kulankhula ndi wodwala likugwirabe ntchito m'makalasi.

Mu 1996 anakhoma zenera la matabwa m'kalasi mwawo, alamu athu atawagwirira misomali. Pamayeso, iwo ankakhala kunja kwa zeneralo ngati wodwala, atafunda chinsalu chakale, n'kumavomera chilichonse. Wophunzira akapereka mankhwala osawauza kuti abwereze, ankalephera, ngakhale atakhoza zina zonse. Ankakonda kunena kuti safunsa anadya phula, koma pazenera phulalo amadya ndi wodwala. Ena mwa inu mwavala mikanjo apa munalirapo pazenera limenelo, ndipo musatsutse, tinkamva nkhani zanu kunyumba. Anakwezedwa kukhala pulofesa mu 2004.

Mu 2006 m'kalasi mwawo munabwera mtsikana wina wanzeru koma wamanyazi. Analephera mayeso a pazenera koyamba, chifukwa anaona kuti n'kupanda mwambo kuuza munthu wamkulu kuti abwereze. Malemu anamutenga ngati mwana wawo. Ankadya kunyumba kwa malemu, anaphunzira mpaka kupambana anzake onse, ndipo analemba limodzi ndi malemu nkhani zingapo za kafukufuku. Lero ndi mayi wa ana ake, ndiponso mkulu wa famase pa chipatala chimene malemu anayambira ntchito. Kwathu timangomutchula kuti mwana wa m'kalasi.

Malemu anapuma pantchito mu 2019. Mu 2021 anapezeka ndi matenda a mtima, ngati a mayi athu aja. Madokotala anawalembera mankhwala oletsa magazi kuundana, timapiritsi tiwiri tating'ono patsiku. Mankhwala amenewa ndi oopsa akapyola muyeso, ndipo palibe ankadziwa zimenezi kuposa iwo.

Koma panali chinthu chimene anatibisira tonse. Kuyambira cha mu 2023 maso awo anayamba kuchita chifunga. Munthu amene anawerenga moyo wake wonse sanafune kuvomera kuti zilembo zamuthawa. Nyuzipepala ankaigwira ndithu m'manja, kenako n'kuuza alamu kuti awerenge mokweza, ati mawu awo ndi okoma. Ife tinkangoseka kuti chikondi chabwerera ku ukalamba. Achemwali anali ouma mutu, ndipo ndikunena izi ndi chikondi komanso ndi mkwiyo pang'ono.

M'mwezi wa Meyi chaka chino anapita kukatenga mankhwala monga mwa nthawi zonse. Timapiritsi tating'ono tija tinali titatha ku famase, kunabwera mapiritsi ena amphamvu kuwirikiza, ofunika kumwa limodzi lokha patsiku. Mwana wa m'kalasi uja ataona aphunzitsi ake pamzere, sanalole kuti aime pazenera. Anatuluka, nawalowetsa mu ofesi, nawapatsa mpando. Analemba bwinobwino papaketi. Ananenanso ndi pakamwa kamodzi, chapansipansi, pakati pa kufunsana za ana ndi za kunyumba. Malemu anagwedeza mutu. Iye sanawauze kuti abwereze. Akanayamba bwanji, kwa munthu amene anayambitsa lamulolo?

Atafika kunyumba anapitiriza kumwa awiri. Zolembedwa papaketi sankaziona. M'nyumbamo munali alamu, munali mwana wawo wamkazi amene ndi namwino, ine ndinkapitako Lamlungu lililonse. Palibe mmodzi wa ife anatenga paketiyo kuti aione. Tonse tinkabwera ndi mankhwala athu kwa iwo kudzafunsa, nanga a iwo tikanafunsa ndani? Mabala akuda ataoneka m'manja mwawo, anati anadzigunda patebulo, ifenso tinagwedeza mutu.

Pa 2 Juni anagwa m'khitchini akutsuka makapu. Kuchipatala anapeza kuti magazi akutayikira m'mutu. Patapita masiku anatsitsimuka, mawu akutuluka movutikira koma nzeru zili zonse. Anapempha kuti wina awerenge mokweza zolembedwa papaketi ija. Alamu anawerenga. Malemu anamvetsera, misozi ikutsikira m'makutu. Kenako anatiuza za maso awo. Anati zaka zonsezi anafufuza za wodwala woopa kufunsa wogawa mankhwala, koma sanaganizepo za wogawa mankhwala woopa kufunsa wodwala. Anati kafukufuku wawo anamusiya ndi mwendo umodzi.

Anaitanitsa mwana wa m'kalasi. Anabwera, koma anakanika kulowa. Anaima m'khonde la wodi, nkhope atatsamiritsa kukhoma, ndipo ngakhale tinamugwira dzanja kuti alowe, sanasunthe. Tsiku lomwelo anasiya makiyi a famase patebulo la akuluakulu ake. Choncho malemu anasiya mawuwo kwa ife. Anatisiya pa 11 Juni, m'mawa, alamu atawagwira dzanja.

Tsono mawuwo ndi awa, ndipo mwana wathu, kumene mwakhalako, mumve. Malemu anati simunawaphe inu. Anati munalemba zoona, munanena zoona, ndipo iwo ndiwo anagwedeza mutu asanamve, chinthu chimene anachidzudzula moyo wawo wonse. Anati madzi akatayika saoleka, koma mukachoka pazenera paja mudzakhala mwatayanso amene atsala mumtsuko. Anati mubwerere kuntchito, mutenge zenera la matabwa lija, ndipo nkhani ya imfa yawo muziiphunzitsa inuyo, osabisa kuti wodwalayo anali ndani. Anatinso chimene anachisiya ndi mwendo umodzi chija muchimalize. Ndipo pazenera, kaya pabwera pulofesa, kaya dokotala, kaya mayi anu okuberekani, abwereze.

Kuchipatala kuja, malemu atamaliza kunena mawuwa, anatiyang'ana mmodzimmodzi. Tinadziwa chimene ankafuna. Tinabwereza mawuwo pambali pa bedi, alamu, ana, ndi ine, aliyense ndi pakamwa pake, mpaka anakhutira n'kutseka maso. Ndiye musaope kuti mwina tasintha pena.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, ndi ife abale awo atatu amene tatsala. Asiyanso mwana wa m'kalasi, amene banja lamuwerengera pamodzi ndi ana, ndipo mpando wake uli kuno kutsogolo, pambali pa alamu. Takhala tikuusunga chiyambire mwambo uno.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mpaka mphamvu zawo zinathera. Tikuthokoza a yunivesite, anzawo ofufuza, ophunzira awo akale amene mwanyamula bokosi, a mpingo, oyandikana nawo nyumba, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhala nafe. Amene anakupatsani mtima umenewu akubwezereni.

Achemwali, munafunsa mokwanira, munaphunzitsa mokwanira. Mukawauze mayi kuti botolo lawo lija silinapite pachabe. Uthenga wanu tapereka monga munatitumira. Mzimu wanu uuse mumtendere.