Kalata Yoti Musandidikire

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Esinala, make Felesiya, wa kwa Mwambo konkuno. Ondidziwa akudziwa kuti pakamwa panga sipachedwa. Lero ndilankhula pang'onopang'ono, chifukwa zimene ndinaona ndi zazikulu.

Nyanja ya Chilwa isanaphwe tinali bwino. Amuna anga ankapha matemba, ine nkumayanika. Kenako nyanja ija inauma, inaumiratu, mpaka anthu kumapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Amuna anga anapita ku Malombe kukafuna ganyu ya usodzi, njinga ndi ukonde anasiya m'nyumba. Makalata ankabwera apo ndi apo. Ine kusukulu sindinapondeko, ankandiwerengera aneba.

Mwana wathu Felesiya anali sitandade fili, kwa aphunzitsi a Saidi. Abale, munthu ameneyu ndinkadana naye! Aphunzitsi anzawo atsiriza buku, iwo akadali pa tsamba limodzi pansi pa mtengo wa mango. Ana akawerenga nkhani, ati tsekani mabuku. Ati wolembayu wanena chiyani? Nanga chimene sananene nchiyani? Mukanakhala inu mukanatani? Ana kumatsutsana ngati pabwalo la milandu. Tsiku lina ndinapita kukawalalatira, kuti mwana wanga mukumuphunzitsa makani, ndimuchotsa azikaingitsa mbalame ku mpunga ku Likangala. Iwo anangomwetulira, ati mayi, mumusiye chaka chino chokha.

Ndiye kunabwera kalata ina. Aneba anaiwerenga ali chiimire. Ati ndili bwino. Njinga mupatse achimwene anu. Ukonde mugulitse. Felesiya asasiye sukulu. Musandidikire.

Musandidikire! Abale, ndinapsa mtima, ndinalira, ndinatukwana. Ndinati basi, apeza mkazi wina ku Malombe. Kupemphera ndinasiya. M'mawa mwake ndinamanga chitenje kuti ndipite kwa ankhoswe, banja lithe.

Ndikutuluka, ndinapeza Felesiya pakhonde, kalata ili m'manja. Ankayendetsa chala mzere ndi mzere. Akafika kumapeto, kubwereranso pamwamba. Ndinamukalipira kuti aisiye. Iye anakweza mutu.

"Amayi, munthu wokwatira kwina amagawa njinga? Si akanabwera kudzaitenga kuti azikwezapo mkaziyo?"

Mwana uja analowa m'nyumba, natulutsa makalata akale m'chitini, nawayala pamphasa. Anandionetsa kuti m'kalata iliyonse bambo ake ankafunsa ngati madzi abwerera m'nyanja. Iliyonse, abale. Iyi yokha sanafunse.

"Msodzi wosafunsa za madzi, amayi, ndiye kuti sakuyembekeza kudzawaonanso. Abambo akudwala."

Kamwana ka mamina, kamene ndinkafuna kukatuma ku mbalame! Ine wamkulu ndinamva mawu, mwana anamva munthu.

Kwa ankhoswe sindinapitenso. Ndinagulitsa mbuzi, nkukwera matola mpaka ku Zomba, kenako Liwonde, nkumafunsa doko ndi doko. Ndinawapeza m'chisakasa choyanikira nsomba, atagona pachiguduli, atatha ngati bango. Chifuwa chachikulu. Atandiona analira, ati analemba choncho kuti ndisavutike ndi munthu wakufa kale. Kuchipatala anati tikanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina.

Nditabwerera ndinapita pansi pa mango paja. Ndinagwada, ine Esinala, pamaso pa ana onse. A Saidi anandidzutsa, ati iwo sanawerenge kalatayo, anawerenga ndi mwana. Mpaka lero ndimazizwa. Mulungu wathu ndi wodabwitsa, abale. Anatenga mphunzitsi wa Chisilamu amene ndinamunyoza, natenga kamwana, natenga kapepala kothimbirira, nkupulumutsa nako moyo wa amuna anga. Alemekezeke!

Madzi abwerera m'nyanja, nonse mwawaona. Matemba tayambanso kuyanika. Felesiya akadali pasukulu, ndipo akamafunsa mafunso ake aja ndimakhala chete nkumvetsera. Inenso ndinayamba sukulu ya kwacha, dzina langa ndikulemba ndekha. Amuna anga ndi awo akhala kumbuyoko, musawaone kuwerama, ndi manyazi chabe. Njinga ija sitinapatse munthu. Masana alionse ndikamaweruka ku kwacha, ndimaipeza itatsamira pampanda, eni ake ali pambali. Amene analemba kuti musandidikire, lero ndi amene amandidikira.

Zikomo Ambuye. Ameni.