Anadziwa, Koma Sanamuuze Mlongo Wake

Basi inachedwa. Pamzere kutsogolo kwanga, mayi wina wofiira m'maso ankadandaulira bambo wa tayi, munthu wosamudziwa n'komwe.

"Mwana wanga wamkazi amagwira ku ofesi yoona mabuku a makampani. Anamupatsa kampani ina ya sopo, ndipo anaona kuti itsekedwa."

"Ndiye, mayi?"

"Mlongo wake ankagwira ku kampani inzake ya sopo, yopikisana nayo. Anasiya ntchito yabwinobwino n'kuthamangira ku yotsekedwayo. Wamkaziyo ali phee, mpaka kumusitira malaya a tsiku loyamba!"

"Pepani, koma lamulo lake ndi lomwelo. Ukaona za kampani imodzi, suuza munthu wa inayo, olo akhale m'bale wako."

"Lamulolo linayamwa bere langa?"

"Akanayankhula akanamuchotsa ntchito. Bwenzi pano iyeyo ali pakhomo."

"Bola akanakhala pakhomo akupatsana moni, bambo. Kampaniyo inatsekedwadi, wamwamunayo n'kumva kuti mlongo wake ankadziwa, ndiye panopa saonana. Wamkaziyo wangoonda ndi kulira."

"Nanga inu mukulowera kuti?"

"Kwa wamkaziyo. Mawa kwa wamwamuna. Aliyense amandifunsa kuti mnzake ali bwanji, atandiletsa yekha kunena zake. Ndimangoti sindikudziwa."