Ndinali Msilikali Wolimbana ndi Mlongo Wanga

Abale ndi alongo, ine sindinali chidakwa. Ndinali wopemphera, koma wamwano. Baibulo ndinkalidziwa, ndipo ndinkaligwiritsa ntchito ngati chikwapu.

Mlongo wanga Tadala atakwatiwa ndi Mkatolika, ndinakana kupita ku ukwati wake. Ndinaletsanso achibale. Ndinkati ndikuteteza choonadi.

Kenako ndinabwera kuno ku Perth kudzaphunzira mbiri yakale. Kafukufuku wanga anali wa asilikali a ku Croatia amene ankamenyera mfumu yachikatolika m'maiko a Ajeremani, pa nkhondo ya zaka makumi atatu ya pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti. Anali anthu a pa akavalo othamanga. Ankapita patsogolo pa gulu lonse lankhondo, kutentha midzi ndi kulanda ziweto.

Ine ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Chilichonse choipa chimene ndawerenga ndinkachitumiza pa gulu la pafoni la banja lathu, kuti alamu anga aone za mpingo wawo. Zoti mbali inayo nayonso inkatentha midzi, ndinkazidumpha dala.

Korona itafika, malire anatsekedwa. Ndinatsala m'kachipinda kanga ku Morley, dera la kuno ku Perth, ine ndi mabuku. Achibale anayamba kutuluka pa gulu lija mmodzimmodzi, mpaka ndinkalalikira anthu atatu okha, osayankha n'komwe.

Pambuyo pake matendawo anandigwira. Sabata yonse palibe amene anagogoda, palibe amene anaimba foni. Ndinasungulumwa kwambiri. Ndinayamba kuwamvera chisoni asilikali aja, anthu ofera kutali ndi kwawo, pakati pa anthu osamva chilankhulo chawo.

Ndili chigonere ndinawerenga kuti anthu a m'midzi ija ankapemphera kuti Mulungu awapulumutse ku mliri, ku njala ndi kwa asilikali a ku Croatia. Masana amenewo ndinaimbira amayi n'kuwafotokozera, poti ndinkangofuna woyankhula naye.

Amayi anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, “Mlongo wakonso amapemphera choncho. Amati Mulungu amuteteze ku matendawa ndi kwa iwe.”

Anandiuzanso kuti Tadala ali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo anapempha banja lonse kuti lisandiuze.

Abale, ndinalira. Dzina langa linali m'pemphero la mlongo wanga, pamodzi ndi mliri. Ndinagwada pambali pa bedi, chifuwa chikupweteka. Mavesi onse anandithawa. Ndinangopempha Yesu kuti andilande chikwapu chija ndi kundipatsa mtima wina.

Ndinaimbira Tadala masiku atatu, osayankha. Tsiku lachinayi anayankha alamu anga, munthu amene ndinamunyoza zaka zinayi. Anandifunsa kaye ngati ndikupuma bwino, kenako anapereka foni kwa mkazi wawo.

Ndinati, “Ndinakulakwira, mlongo wanga. Ndikhululukire.”

“Ndakumvani, achimwene,” anatero. “Koma musandifulumizitse.”

Sindinamufulumizitse. Panadutsa miyezi iwiri ndisanamuone mwanayo pafoni, ndipo anachita kundiimbira yekha.

Ndikuyamika Ambuye, amene anandilezera mtima pamene ine sindinalezere mtima aliyense. Ulemerero ukhale kwa Iye yekha.

Ndipo inu muli pano, mwina kwanu kuli munthu amene amanjenjemera akaona dzina lanu pafoni. Musadikire kuti mudwale ngati ine. Bwerani tipemphere limodzi, ndipo tikatuluka muno mumuimbire.